Mmene Ajaini Analowera m'Chisanskrit Osataya Maganizo Awo

Chipembedzo cha Chijaini, chimene malinga ndi kalembera wa dziko la India wa mu 2011 chinali ndi otsatira pafupifupi 4.5 miliyoni, kapena kuti anthu 4 pa 1,000 aliwonse a m'dzikomo, chili ndi nkhokwe ya mawu a chiphunzitso imene kukula kwake sikulingana ndi kuchepa kwa eni ake. Ambiri mwa mawuwa amadziwika lero m'Chisanskrit, chiyankhulo chakale cha ansembe ndi anthu ophunzira a ku India, komabe chipembedzochi sichinabadwire m'chiyankhulo chimenechi, ndipo panapita zaka mazana angapo aphunzitsi ake asanavomere kulembamo mabuku. Atavomera, sanapeke mawu ambiri atsopano, koma anatenga amene anzawo otsutsana nawo ankagwiritsa kale ntchito, monga karma, dharma ndi yoga, n'kuwasenzetsa matanthauzo amene munthu wozolowera Chihindu kapena Chibuda sangawayembekezere. Mbiri ya mawuwa ndiyo ikusonyeza mmene gulu laling'ono linalowera m'bwalo la anthu ena, n'kuyankhula chiyankhulo cha eni bwalolo, koma osalola kuti maganizo ake amezedwe.

Mphunzitsi amene mbiri imamudziwa bwino pa chiyambi cha gululi ndi Vardhamana, amene anapatsidwa dzina laulemu loti Mahavira, kutanthauza ngwazi yaikulu, ndipo anabadwira pafupi ndi mzinda wa Vaishali, m'chigawo chimene lero ndi Bihar. Mwambo wofala pakati pa Ajaini umati anakhala ndi moyo kuyambira 599 BC kufikira 527 BC, pamene akatswiri ambiri a mbiri, poona kuti anakhala nthawi imodzi ndi Buddha, amaika imfa yake cha m'ma 425 BC. Dzina la chipembedzochi likuchokera ku mawu oti jina, amene amanena munthu wogonjetsa, ndipo adani amene iye wagonjetsa ndi zilakolako za mumtima mwake. Malemba akale a Abuda amatchula otsatira ake kuti Nigantha, mawu amene m'Chisanskrit ndi nirgrantha, munthu amene wamasula mfundo zonse zomumanga ku chuma ndi ku chibale, ndipo dzina lomweli likupezeka pa chimodzi mwa zipilala zimene mfumu Ashoka inalembetsapo malamulo ake m'zaka za m'ma 200 BC. Kwa Ajaini, Mahavira sanayambitse kanthu: iye ndi wa 24 pa mndandanda wa aphunzitsi otchedwa tirthankara, okonza doko powolokera, ndipo mtsinje umene amawolotsapo anthu ndi samsara, kuzungulira kosaleka kwa kubadwa, kufa ndi kubadwanso.

Mahavira sanalalikire m'Chisanskrit. Iye anali m'gulu la shramana, anthu osiya mabanja n'kumayendayenda pofuna kumasula mizimu yawo, amene sankavomereza ulamuliro wa malemba a Veda ngakhalenso nsembe za nyama zimene ansembe otchedwa Abrahmana ankapereka, choncho chiyankhulo cha nsembezo chinalibe ulemu wapadera kwa iwo. Chiphunzitso chake chinasungidwa m'Chiardhamagadhi, chimodzi mwa ziyankhulo za anthu wamba zimene zonse pamodzi zimatchedwa Prakrit, ndipo kwa zaka mazana ambiri chinkapatsiridwa pakamwa kuchoka kwa mphunzitsi kupita kwa wophunzira. Gululi litagawikana pawiri, nkhani ya malemba inagawikananso. A Shvetambara, ovala zoyera, anasonkhanitsa malemba awo pa msonkhano wa ku Valabhi m'chigawo cha Gujarat, motsogozedwa ndi Devardhigani, mu 453 kapena mu 466, ndipo pa nthawiyo buku la 12 mwa mabuku akuluakulu otchedwa anga, ziwalo za chiphunzitso, linali litatayika kale. A Digambara, ovala thambo, amene amonke awo aamuna savala kanthu, anati malemba oyambirira anatayika onse, ndipo anadalira mabuku ena a m'Chiprakrit cha mtundu wa Shauraseni, monga Shatkhandagama ndi zolemba za Kundakunda.

Chimene chinasintha zinthu chinachokera kunja kwa gululi. Kuyambira zaka zoyambirira pambuyo pa kubadwa kwa Yesu, Chisanskrit chinatuluka m'nyumba za ansembe n'kukhala chiyankhulo cha mafumu, monga zikuonekera pa mwala wa ku Junagadh umene mfumu Rudradaman inalembetsa cha m'ma 150, komanso chiyankhulo cha mikangano ya akatswiri, imene kawirikawiri inkachitikira pamaso pa mfumu ndipo wopambana ankapezerapo thandizo la gulu lake. Abuda anali atayamba kale kulemba m'Chisanskrit, ndipo gulu lililonse la anzeru a Chihindu linali ndi buku lake la sutra, timawu tachidule tolumikizana ngati ulusi, timene wophunzira ankaloweza pamtima mphunzitsi n'kumamasulira. Amene analibe buku lotere analibe pokhala pa bwalo. Kuti Ajaini sanalowe m'chiyankhulochi ndi mtima umodzi zikuonekera m'nkhani imene olemba mbiri za aphunzitsi awo anasunga yonena za Siddhasena Divakara, katswiri wobadwira m'banja la Chibrahmana, amene akuti atapempha chilolezo choti amasulire malemba opatulika m'Chisanskrit, akuluakulu a gulu anakuona ngati kunyoza a tirthankara ndi ophunzira awo oyamba, ndipo anam'patsa chilango chokhala kunja kwa gulu zaka 12. Nkhaniyi inalembedwa patapita zaka mazana ambiri, koma malire amene ikusonyeza ndi amene anatsatidwadi: malemba opatulika anatsala m'Chiprakrit, pamene Chisanskrit chinaloledwa pofotokoza ndi poteteza chiphunzitso.

Buku limene linatsegula njira ndi Tattvartha Sutra, lolembedwa ndi Umasvati, amene a Digambara amamutchula Umasvami, pakati pa zaka za m'ma 100 ndi za m'ma 400. Lili ndi sutra pafupifupi 350 m'mitu 10, ndipo mbali zonse ziwiri za Ajaini zimalivomereza, chinthu chosowa kwambiri m'mbiri yawo, ngakhale kuti zimasiyana pa kawerengedwe ka sutra zina. Ntchito yaikulu ya Umasvati inali yotanthauzira: anatenga chiphunzitso chomwazikana m'maulaliki, m'nthano ndi m'malamulo a amonke, n'kupatsa liwu lililonse malire ake. Bukuli limayamba ndi zinthu zitatu zimene pamodzi zimapanga njira ya kumasulidwa, zomwe pambuyo pake zinadziwika kuti ratnatraya, ngale zitatu, ndizo samyak darshana, kuona ndi kukhulupirira zinthu monga zilili, samyak jnana, kudziwa koyenera, ndi samyak charitra, khalidwe loyenera. Kenako limatchula tattva, zoonadi zisanu ndi ziwiri zimene chiphunzitso chonse chatsamirapo: jiva, mzimu wamoyo umene chizindikiro chake ndi kuzindikira, ajiva, chilichonse chopanda kuzindikira, asrava, kulowerera kwa karma mu mzimu, bandha, kumangika kwake, samvara, kutseka polowera, nirjara, kukungunula karma imene inamatirira kale, ndi moksha, kumasulidwa kotheratu. Ndemanga zimene Pujyapada, Akalanka ndi Vidyananda analemba pa bukuli pakati pa zaka za m'ma 400 ndi za m'ma 800 ndizo zinakhwimitsa mawuwa kufikira anakhala chiyankhulo cha akatswiri.

Mndandanda umenewu sumveka pokhapokha munthu atadziwa chimene Ajaini amatanthauza akati karma, pakuti apa ndi pamene iwo anasiyana kwambiri ndi anzawo onse. Kwa Abuda karma ndi cholinga cha mumtima, kwa Ahindu ambiri ndi ntchito pamodzi ndi mphamvu yosaoneka imene ntchitoyo imasiya, koma kwa Ajaini karma ndi chinthu chenicheni, fumbi losalala kwambiri loti maso sangalione, lodzaza chilengedwe chonse, limene limalowa mu mzimu, kuulemetsa ndi kuphimba kuwala kwake. Chimene chimalikoka fumbili ndi yoga, ndipo liwu limeneli, limene kwa Ahindu limanena kudziletsa kofikitsa munthu ku ufulu, kwa Umasvati limanena kugwedezeka kulikonse kwa thupi, kwa mawu ndi kwa maganizo, kutanthauza khomo lenileni lolowera ukapolo. Chimene chimalimatiza ndi kashaya, liwu limene pa chiyambi linkanena utomoni kapena utoto wolowerera m'nsalu, ndipo Ajaini analipatsa ntchito yotchula zilakolako zinayi: krodha, mkwiyo, mana, kudzikuza, maya, chinyengo, ndi lobha, umbombo. Aphunzitsi awo amakonda kuyerekeza ndi nsalu yonyowa, imene fumbi limakanirira, pamene pa nsalu youma limangoyoyoka. Karma yomatirirayo anaigawa m'mitundu 8, ndipo inayi mwa iyo, yotchedwa ghatiya, yowononga, ndiyo imaphimba kudziwa, imaphimba kuona, imasocheretsa mtima ndi kutchinga mphamvu za mzimu, pamene inayi inayo imangokonza thupi limene mzimu udzabadwiremo, banja, kutalika kwa moyo ndi zokoma kapena zowawa zimene udzamve. Munthu amene wamvetsa kuti karma ili ndi kulemera sadabwanso akamva kuti mzimu womasulidwa, wotchedwa siddha, umakwera molunjika kufikira pamwamba penipeni pa chilengedwe, ndiponso kuti kusala kudya ndi kudzizunza kwina, kotchedwa tapas, kutentha, kuli ndi malo aakulu chotere m'chipembedzochi.

Chosokoneza kwambiri kwa owerenga atsopano ndi mawu oti dharma ndi adharma. Ajaini amawagwiritsa ntchito monga Amwenye ena onse ponena za chilungamo ndi kusalungama, koma m'chiphunzitso chawo cha dravya, zinthu zisanu ndi chimodzi zosalengedwa ndiponso zosatha zimene zimapanga chilengedwe, dharma ndi chinthu chosaoneka chimene chimalola kuyenda, monga madzi amalolera nsomba kusambira popanda kuikankha, ndipo adharma ndi chimene chimalola kuima. Ziwirizi zimalekezera pamene chilengedwe chokhalamo zamoyo, loka, chalekezera, ndipo kupitirira apo kuli aloka, danga lopanda kanthu, n'chifukwa chake mzimu womasulidwa umaima pamwamba pa loka osapitirira. Palibe gulu lina la anzeru a ku India limene linagwiritsa ntchito mawu awiriwa motere. Chimodzimodzinso pudgala, limene kwa Abuda limanena munthu payekha, kwa Ajaini limanena chinthu chilichonse chokhala ndi mtundu, fungo, kakomedwe ndi kakhudzidwe, kuyambira pa paramanu, kachidutswa kosagawikanso, kufikira pa phiri, ndipo mawu, mdima, mthunzi ndi karma yomwe zili m'gulu limeneli. Mlengi alibe malo pa mndandandawu, popeza zinthu zisanu ndi chimodzizo, kuphatikizapo mzimu, danga ndi nthawi, zilibe chiyambi.

Pali malo amodzi pamene bwalo la mikangano linawakakamiza Ajaini kubwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo ndi pa nkhani ya kudziwa. Umasvati anatchula mitundu isanu ya kudziwa: mati, kodzera m'maso, m'makutu ndi m'maganizo, shruta, kodzera m'mawu ndi m'malemba, avadhi, kuona zinthu zakutali popanda maso, manahparyaya, kudziwa za mumtima mwa wina, ndi kevala, kudziwa zonse nthawi imodzi. Iye anati mitundu iwiri yoyambayo ndi paroksha, kudziwa kodzera mwa mkhalapakati, pamene itatu yotsalayo ndi pratyaksha, kudziwa kwachindunji, chifukwa kwa iye diso ndi chida chabe choima pakati pa mzimu ndi chinthu. Koma kwa akatswiri ena onse pratyaksha kunali kuona ndi maso kumene, ndipo kukangana kunali kosatheka pamene liwu limodzi likunena zinthu ziwiri zotsutsana. Jinabhadra, ndipo pambuyo pake Akalanka m'zaka za m'ma 700, anathetsa vutoli povomera kuti kuona ndi maso kungatchedwe kwachindunji m'kayankhulidwe ka tsiku ndi tsiku, samvyavaharika pratyaksha, pamene kwachindunji kwenikweni kukhalabe kwa mzimu wokha. Anagonja pa dzina, chiphunzitso n'kuchisiya chilili.

Luso lotere silinangowagwera, pakuti kuyambira m'nthawi ya Chiprakrit Ajaini anali ndi njira yawoyawo yosanthulira liwu asanayambe kukambirana, yotchedwa nikshepa, kuika liwu pamalo pake. Njirayi imafunsa ngati liwu likunena dzina chabe, nama. Kapena chifanizo choimira chinthucho, sthapana. Kapena chinthu chimene chinali kapena chidzakhala chotero, dravya. Kapena chimene chili chotero panopa, bhava. Liwu loti mfumu, mwachitsanzo, lingathe kunena munthu wamba amene makolo anamutcha dzinali, chosema cha mfumu, mwana amene adzalowe ufumu, kapena munthu amene ali pampando lero. Ophunzira amene analeredwa ndi mafunso anayiwa sankavutika kuona kuti wotsutsana naye wasintha tanthauzo la liwu pakati pa mkangano.

Kuchokera mu mzu womwewu munatuluka chiphunzitso chimene Ajaini amadziwika nacho kwambiri pakati pa anzeru, anekantavada, chonena kuti chinthu chilichonse chili ndi mbali zambiri. Maziko ake ndi tanthauzo limene Umasvati anapereka la chinthu chimene chilipo, loti chimakhala ndi kuyamba, kutha ndi kukhalitsa pa nthawi imodzi, popeza dravya yake imakhalabe pamene paryaya, maonekedwe ake a kanthawi, amabwera ndi kupita. Pamenepa Ajaini ankayankha mbali ziwiri, Abuda amene ankati zonse n'zakanthawi, ndi otsatira Vedanta, limodzi mwa magulu a anzeru a Chihindu, amene ankati choona n'chosasintha, ndipo onse awiri ankawaimba mlandu umodzi wa ekanta, kugwira mbali imodzi n'kuiyesa chinthu chonse. Mbali iliyonse yoonera chinthu inatchedwa naya, ndipo kayankhulidwe koyenera kanatchedwa syadvada, kuchokera ku kaliwu koti syat, kamene kamaikidwa patsogolo pa chiganizo. M'Chisanskrit cha masiku onse kaliwuka kamamveka ngati "mwina", ndipo Shankara, mphunzitsi wamkulu wa Vedanta, anatsutsa Ajaini kuti chiphunzitso chawo chimathera m'kukayika ndiponso chimaika zinthu zotsutsana m'chinthu chimodzi. Koma Samantabhadra, Akalanka ndi Mallishena, amene anamaliza buku lake la Syadvadamanjari mu 1292, anafotokoza kuti syat amatanthauza "poonera mbali yakutiyakuti": mtsuko ulipo ndithu ponena za dothi lake, malo ake, nthawi yake ndi maonekedwe ake, ndipo palibe ndithu ponena za dothi, malo, nthawi ndi maonekedwe a chinthu china. Kuphatikiza "ulipo", "palibe" ndi "sizineneka pa kamodzi" kumabala ziganizo 7 zotchedwa saptabhangi. M'zaka za m'ma 1900 anthu ambiri anayamba kufotokoza anekantavada ngati chiphunzitso chakuti aliyense akunena zoona, ndipo ngakhale cholinga chawo chinali chabwino, kufotokoza kotere kumachepetsa ntchito ya akatswiri akalewo, amene ankakhulupirira kuti jina yekha ndiye amaona mbali zonse, ndipo anasula chiphunzitsochi ngati chida chogonjetsera anzawo pa bwalo.

Pamene akatswiri ankakangana, ntchito ina yachete inkachitika pa malemba opatulika, amene anazunguliridwa ndi ndemanga zosanjikizana: niryukti ndi bhashya m'ndakatulo za Chiprakrit, churni m'chiyankhulo chosakaniza, ndipo pomaliza tika kapena vritti m'Chisanskrit, zimene Haribhadra anayamba m'zaka za m'ma 700, Shilanka ndi Abhayadeva n'kupitiriza. Wolemba ndemanga ankapereka chhaya, mthunzi, ndiko kuti liwu la Chisanskrit lolingana ndi la Chiprakrit, ndipo popeza Chiprakrit chimafewetsa ndi kumeza zilembo, liwu limodzi linkatha kukhala ndi mithunzi ingapo. Chitsanzo chodziwika ndi arahanta kapena arihanta, dzina la munthu amene wafika pa kudziwa zonse akadali m'thupi: gwero lake ndi arhat, woyenera ulemu, koma olemba ndemanga analimasuliranso kuti wopha adani, adaniwo kukhala karma ndi zilakolako, ndipo kumasulira kwachiwiriku ndi kumene Mjaini wamba amakudziwa lero. Haribhadra yemweyo analemba Shaddarshanasamuccaya, chidule cha magulu 6 a anzeru a ku India chimene chimayamikiridwa chifukwa chofotokoza otsutsana naye mwachilungamo, ndipo analandiranso liwu la yoga m'tanthauzo lake labwino la njira yofikitsa ku moksha. Hemachandra, amene anamwalira cha mu 1172 atatumikira mafumu Jayasimha Siddharaja ndi Kumarapala ku Gujarat, analemba buku la malamulo a Chisanskrit limene mutu wake wa 8 ndi wa Chiprakrit, komanso mabuku otanthauzira mawu, kotero kuti pofika nthawi yake mbadwa za gulu limene linakana chiyankhulo cha Abrahmana ndizo zinkachiphunzitsa. Yashovijaya, amene anamwalira mu 1688, anakaphunzira ku Varanasi njira yatsopano ya kaganizidwe yotchedwa Navya Nyaya n'kuvekamo chiphunzitso cha Chijaini.

Mawu a khalidwe anayenda njira yomweyo ya kutanthauzira mosamala. Malumbiro asanu, ahimsa, kusavulaza chamoyo, satya, kunena zoona, asteya, kusatenga chimene sunapatsidwe, brahmacharya, kudziletsa pa za kugonana, ndi aparigraha, kusadziunjikira zinthu, amapezekanso m'mabuku a Chihindu, koma Ajaini anawagawa pawiri: mahavrata, malumbiro aakulu a amonke aamuna ndi aakazi, sadhu ndi sadhvi, ndi anuvrata, malumbiro aang'ono a anthu apabanja, shravaka ndi shravika, kutanthauza omvetsera. Umasvati anatanthauzira himsa kuti ndi kuchotsa moyo chifukwa cha kusasamala kochokera m'zilakolako, ndipo parigraha kuti ndi kukomoka kwa mtima pa zinthu, osati zinthuzo pazokha, ndipo pa tanthauzo lachiwirili a Shvetambara ndi a Digambara anakangana ngati mmonke wovala nsalu angakhale wopanda chuma. Popeza jiva ili m'nthaka, m'madzi, m'moto, mumphepo ndi m'zomera, ahimsa imaoneka m'tinthu ting'onoting'ono ta tsiku ndi tsiku. Mmonke wa Shvetambara amanyamula rajoharana, tsache lofewa la ulusi wa ubweya limene amasesera pansi asanakhale, ndi kansalu kophimba pakamwa kotchedwa mukhavastrika, pamene wa Digambara amanyamula pinchi, tsache la nthenga zimene mbalame ya pikoko yathothola yokha, ndipo amadya ataimirira, chakudya chili m'manja. M'nyumba za okhulupirira okhwima madzi amasefedwa pansalu, chakudya chimatha dzuwa lisanalowe, ndipo anyezi, adyo ndi mbatata sizilowa mumphika, chifukwa zomera za pansi pa nthaka zimawerengedwa kuti ndi anantakaya, thupi limodzi lokhalamo mizimu yosawerengeka.

Komabe pa nthawi ya kupembedza Chisanskrit chimapatuka, Chiprakrit n'kubwerera pamalo pake. Pemphero lalikulu la Ajaini onse, Namaskara Mantra, limene limapereka ulemu kwa arhat, siddha, acharya amene ndi atsogoleri a amonke, upadhyaya amene ndi aphunzitsi, ndi sadhu onse, limanenedwa m'Chiprakrit, ndipo mawu ofanana ndi chiyambi chake akupezeka kale pa mwala wa ku Hathigumpha ku Odisha, umene mfumu Kharavela inalembetsa Yesu asanabadwe. Ntchito 6 zofunika tsiku lililonse, avashyaka, zili ndi mayina a Chisanskrit koma mawu ake onenedwa ndi a Chiprakrit. Pa samayika, munthu wapabanja amayala kansalu ka ubweya pansi, amasesa malowo ndi katsache, n'kukhala mphindi 48 monga mmonke, wosakhudza ndalama, moto kapena ntchito. Pa pratikramana, kubwerera m'mbuyo, amatchula zamoyo zimene angakhale atapweteka poyenda, kuyambira mbewu, mame ndi nyerere, n'kupempha kuti cholakwacho chikhale chopanda chipatso. Pa kayotsarga, kusiya thupi, amaima chilili manja ali lende osagwedezeka. Pa mapeto a Paryushana, masiku 8 a kusala ndi kulapa amene a Shvetambara amasunga m'nyengo ya mvula cha mu Ogasiti kapena Seputembala, pamene a Digambara amasunga masiku 10 a Dashalakshana, anthu amapemphana chikhululukiro ndi mawu a Chiprakrit oti micchami dukkadam, ndipo ngakhale amalonda a ku Mumbai, Nairobi ndi Leicester amene sadziwa malamulo a chiyankhulochi amatumizirana mawuwa pa foni.

M'nthawi yatsopano mawuwa anatulukira kunja kudzera m'makomo angapo. Hermann Jacobi wa ku Germany, amene anamasulira malemba ena a Chijaini m'Chingerezi mu 1884 ndi mu 1895, anatsimikizira akatswiri a ku Ulaya kuti Chijaini si nthambi ya Chibuda monga ambiri a iwo ankaganizira, ndipo umodzi mwa maumboni ake unali wakuti Ajaini amagwiritsa ntchito liwu la asrava m'tanthauzo lake lenileni la kulowerera kwa chinthu. Mmonke Vijayarajendra Suri, amene anamwalira mu 1906, anasiya Abhidhana Rajendra, buku lotanthauzira mawu a Chiprakrit m'Chisanskrit la zigawo 7, limene linayamba kusindikizidwa mu 1913. Mohandas Gandhi, ali ku South Africa mu 1894, anatumiza mafunso 27 a za chipembedzo kwa Shrimad Rajchandra, Mjaini wa ku Gujarat wogulitsa miyala ya mtengo wapatali, ndipo ngakhale ahimsa ya ndale imene Gandhi anadzaphunzitsa inali yakeyake, iye mwini anavomera kuti Rajchandra anamuumba kwambiri. Pa chikumbutso cha zaka 2,500 chimwalirire Mahavira, mu 1974 ndi 1975, magulu onse a Ajaini anagwirizana pa chizindikiro chimodzi, chokhala ndi dzanja lolembedwa ahimsa, ndipo pansi pake anaika sutra ya Umasvati yonena kuti ntchito ya mizimu ndi kuthandizana.

Kuti matanthauzo akalewa akadali ndi mphamvu pa moyo wa anthu zinaonekera pa nkhani ya sallekhana, liwu lonena kuwondetsa moyenera thupi pamodzi ndi zilakolako, limene a Shvetambara amalitchulanso santhara, kuchokera ku mphasa ya udzu imene munthu amagonapo. Uku ndi kusiya chakudya pang'onopang'ono kufikira imfa, kumene buku la Ratnakaranda Shravakachara limalola pa tsoka losathawika, pa njala yaikulu, pa ukalamba ndi pa matenda osachiritsika, ndipo miyala yambiri ya ku Shravanabelagola ku Karnataka inalembedwa mayina a anthu amene anafa motere. Pujyapada anali atayankha kale funso loti kodi kumeneku si kudzipha, ndipo yankho lake linatsamira pa tanthauzo la himsa: wodzipha amatengeka ndi kashaya, pamene wochita sallekhana wazisiya. Otsutsa mwambowu masiku ano ali ndi nkhawa yomveka, yakuti okalamba, makamaka amayi, angathe kukankhidwira ku imfa ndi achibale m'dzina la chipembedzo, ndipo nkhawayi siyankhidwa ndi tanthauzo la m'buku lokha, ngakhale kuti amene amaweruza mwambowu asanamve tanthauzolo amaweruza chinthu china. Pa 10 Ogasiti 2015 Khoti Lalikulu la ku Rajasthan linagamula kuti santhara ndi mlandu pansi pa malamulo oletsa kuyesa kudzipha ndi kuthandiza wina kudzipha, Ajaini a mbali zonse anayenda m'misewu ya mizinda yambiri mwakachetechete potsutsa chigamulocho, ndipo pa 31 Ogasiti chaka chomwecho Khoti la Suprimu la India linachiimitsa.